TIYENI KU NYANJA: ZA KUZIZIRITSA NSOMBA M'BOTI

Inu amene mumayenda pa mseu wocokera ku Mangochi kunka ku Liwonde, kapena wocokera ku Salima kukwera ku Lilongwe, kodi simunaonepo galimoto iri kuthamanga, nsomba za cambo zitamangidwa pa galasi la m'mbali? Mlendo akaona zimenezi aseka, nayesa kuti ndi mankhwala a paulendo. Iai, si mankhwala. Mwini galimoto ali kuopa kuti akaika nsombazo m'katimo, m'mene muli motentha, akafika kwao zitanunkha kale. Cotero azipereka kwa mphepo. Nzeru imeneyi ithandiza munthu wa nsomba zisanu. Nanga msodzi wa nsomba zodzaza boti acite ciani?

Sabata ino tifuna kuti mutiperekeze ku nyanja. Ambiri a inu muli ndi ana kapena abale amene ali kusonkha ndarama za fodya kapena za ku Joni kuti agule boti ndi injini. Akatha kugula zimenezi, wogulitsa adzawauza kuti agulenso firiji. Ndarama zimenezi nzambiri, ndipo zinapezeka ndi thukuta. Tiyeni tsono tikaone ndi maso athu zisanaturuke m'thumba.

PA MANGOCHI

Tsikani basi pa Mangochi, pamene makolo anali kuchula kuti Fort Johnston. Pafupi ndi mlato wa pa Shire pali nsanja yakale ya wochi, ndipo pomwepo pali mau okumbutsa anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya m'caka ca 1946. Imani pang'ono muwerenge, pakuti nkhani imeneyi tidzaikumbukanso kutsogoloku.

Mukafika ku msika wa nsomba m'mamawa, tengani cambo cimodzi m'manja. Ca lero ciri ndi maso owala, makha ace m'mene cipumira ali ofiira, ndipo mukadinikiza mnofu ndi cala ubwerera pomwepo. Bwereraninso madzulo pa benci lomwelo. Maso alowa m'kati, makha acita mbuu, nchenche zafika, ndipo amene ali kuchula mtengo tsopano ndi wogula, wogulitsa angobvomera.

Cimene cacitika ndi ici. Pa khungu la nsomba, m'makha ndi m'matumbo mwace mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso. Nsomba iri moyo sitiivuta, koma ikangofa tiyamba kuidya, ndipo kukatentha tiswana msanga kwambiri. M'mwezi wa October kuno ku nyanja kutentha kumapitirira madigiri 35, cotero nsomba yophedwa mbandakuca ikagona poyera sifika usiku iri yabwino. Koma nsomba yomweyo, itaikidwa bwino m'madzi oundana, amene asodzi amati ayisi, ikhoza kukhala masabata awiri. Dziwaninso kuti kuzizira sikudzutsa nsomba yoonongeka kale. Kumangoimitsa kuola pamene kwafika. Ndico cifukwa cace kuziziritsa kuyenera kuyambira m'boti momwemo, osati pa doko.

PA MPWEPWE: BOKOSI NDI AYISI

Kwerani galimoto yonka ku Monkey Bay. Mseu utsata gombe, kudutsa m'migwalangwa ndi m'milambe, nyanja iri ku dzanja lamanja. Cigawo cimeneci ndico kwao kwa usodzi wa makina m'dziko lathu. Agiriki a banja la Yiannakis anayamba kupha nsomba kuno m'zaka za m'ma 1930, ndipo m'caka ca 1968 nchito yao inasanduka kampani ya Maldeco. Pa Mpwepwe pali sukulu ya Boma ya za nsomba, ndipo dzina la malowa lidziwikanso ndi nchito yokhoma maboti a matabwa.

Pano ndi pamene muyenera kumva mau amodzi amene adzakuthandizani m'nkhani yonseyi. Kuziziritsa kufanana ndi kukapa madzi m'bwato. Kutentha kumalowa m'bokosi la nsomba monga madzi alowa m'bwato wocuca. Ayisi kapena makina ndiye munthu wokapa. Kodi munthu wanzeru ayamba ndi kulemba anthu ambiri okapa, kapena ayamba ndi kumata ming'alu? Cotero cinthu coyamba kugula si makina ai, koma bokosi labwino.

Bokosi labwino liri ndi makoma awiri, ndipo pakati pace amaikapo thobvu louma la pulasitiki, lonenepa masentimita 5 kufikira 10. Amene alibe ndarama angaikepo utuci wouma kapena mankhusu a mpunga, koma asamale kuti zisanyowe, pakuti zikanyowa zileka kugwira nchito. Cibvundikiro cikhale cothina ndi coikidwa thobvu comweco. Pansi pakhale kabowo kotulutsira madzi osungunuka, kuti nsomba zisagone m'madzi a mwazi. Kunja lipakeni utoto woyera, ndipo likhale pa mthunzi.

Musapeputse mphamvu ya kufotsera bwino. M'caka ca 1833 munthu wa malonda wa ku America, dzina lace Frederic Tudor, anadula madzi oundana m'maiwe a kwao, napakira matani 180 m'combo ca matanga pa doko la Boston. Anawachinga ndi matabwa, makungwa ndi udzu wouma. Combo cinayenda miyezi inai m'nyanja zotentha, ndipo cinafika ku Calcutta, m'dziko la India, ndi matani ngati 100 osasungunuka. Munalibe injini kapena magetsi m'combomo.

Nanga ayisi afunika wocuruka bwanji? Kilogalamu imodzi ya ayisi, kuti isungunuke yonse, imeza kutentha kofanana ndi kumene kungatenthetse lita imodzi ya madzi kucokera pa digiri 0 kufika pa madigiri 80. Mwa masamu okha, kilogalamu imodzi ikwanira kuziziritsa makilogalamu atatu a nsomba. Koma wina asungunuka panjira, wina potsegula bokosi, cotero m'maiko otentha alangizi amati kilogalamu ya ayisi pa kilogalamu ya nsomba. Ngati muyembekeza nsomba za makilogalamu 200, tengani ayisi wa makilogalamu 200, ndiwo mabuloko 8 ngati buloko liri la makilogalamu 25.

Buloko lathunthu licedwa kusungunuka, cotero ndi labwino kunyamula. Koma poika pa nsomba liphwanyeni likhale tizidutswa tonga mtedza, pakuti cibuma cacikuru cikhudza nsomba pang'ono pokha, ndiponso ciibvulaza. Yambani ndi ayisi pansi, kenaka nsomba, kenaka ayisi, kufikira pamwamba, ndipo mutsirize ndi ayisi. Musaunjike mulu wautali, cifukwa za pansi zidzaphwanyika.

Funsaninso za madzi amene aumbira ayisiyo. Kolera amene anabuka m'caka ca 2022 ndi kupitirira mu 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anabvutika kwambiri. Tizirombo tambiri ta matenda sitifa ndi kuzizira. Ayisi wa madzi oipa ndiye matenda amene mwawagula ndi ndarama zanu.

Tsopano kumbukirani Vipya, imene inagubuduka ndi mphepo yaikuru. Nyanja iyi si yoseweretsa. Nsomba za makilogalamu 200 ndi ayisi wace zilemera ngati anthu akuru 6 kapena 7. Bokosi likhale pansi peni peni, pakati pa boti, ndipo limangidwe kuti lisasunthe. Mwera ukayamba kuomba, kuyambira May kufikira August, katundu woikidwa pamwamba kapena woserereka ndiye amagubuduza boti.

PA MONKEY BAY: MAKINA

Pa Monkey Bay mapiri a miyala azinga doko mbali zonse, ndipo madzi ali phee ngakhale kunja kuli mafunde. Pano ndi pamene analumikiza sitima ya Ilala. Inapangidwa ku Scotland m'caka ca 1949, inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanje, ndipo inayamba kuyenda m'caka ca 1951. Panonso pali akatswiri a Boma ofufuza za nsomba, ndi amisiri odziwa injini. Ngati mufuna kufunsa za makina, funsani kuno. Safunsa anadya phula.

Firiji iri yonse ya makina iri ndi mtima wace, wochedwa kompresa. Imeneyi ikankha gasi m'mapaipi. M'kati mwa bokosi gasiyo atola kutentha, kunja akakutaya, nabwereranso kukatola kwina. Ndiko kukapa kuja. Kusiyana kwa mafiriji kuli pa ici: kodi ndani azunguza kompresa, ndipo kutenthako kutayidwa kuti?

Mtundu woyamba ndi wozunguzidwa ndi injini ya boti, mwa lamba. Uli ndi mphamvu zambiri. Ena amauika pamodzi ndi mbale zacitsulo zotsekeka, m'mene muli madzi osanganiza ndi mankhwala. Injini ikayenda ora limodzi kapena awiri madziwo aundana, ndipo mbalezo zisunga cisanu maora ambiri injini itazima. Koma mtundu umenewu ufuna injini ya dizilo yokhala m'kati mwa boti. Pa injini yopacika kumbuyo, imene asodzi ambiri ali nayo, palibe pomangira lambayo. Ndiponso mapaipi ace ndi atali, ndipo kunjenjemera kwa injini kumamasula mfundo zace kuti gasi athawe. Umenewu ndi wa maboti akuru okoka makoka, okhala ndi makanika wao.

Mtundu waciwiri ndi wa batire la mavoti 12, lodzazidwa ndi injini kapena ndi magetsi a dzuwa. Ndi waung'ono, sucita phokoso, ndipo subvuta kuika. Kompresa yace idya maampu 4 kapena 5 pamene iri kuyenda, ndipo kukatentha iyenda maora ambiri, cotero ifuna batire lace lace, losiyana ndi lolizira injini kapena loyatsira nyale. Koma tamverani bwino apa. Firiji yotere idziwa kusunga zinthu zozizira kale, monga cakudya ca paulendo kapena mankhwala. Mukathiramo nsomba zofunda za makilogalamu 200, ingathe masiku oposa awiri isanazifikitse pa digiri 0, ndipo pamenepo za pakati zitaola. Ayisi acita nchito yomweyo m'maora ocepa, cifukwa madzi ace ozizira atsikira pa nsomba iri yonse. Ngakhale zombo zazikuru za kunja zokhala ndi makina, zambiri zinyamulabe ayisi, makinawo nagwira nchito yocedwetsa kusungunuka kwace.

Pa mitundu iwiri yonseyi funsani kumene kutentha kutayidwa. Ina iri ndi fani youluzira mphepo pa mapaipi. Imeneyi njochipa, koma mukaitsekera m'kacipinda kopanda mphepo idzalema ndi kudya batire pacabe. Ina itaya kutentha m'madzi a m'nyanja. Madzi a pamwamba m'nyanja yathu amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29, ndipo madzi acotsa kutentha msanga kuposa mphepo. Mwai wathu ndi wakuti madziwa alibe mcere wodya zitsulo. Komabe pampu yace imatsekeka ndi mcenga ndi ndere, cotero ifuna sefa ndi munthu woitsuka.

Mtundu wacitatu ndi firiji ya parafini kapena ya gasi wophikira, imene akuru akumbukira m'masitolo ndi m'zipatala za kumidzi. Pa mtunda inathandiza kwambiri. M'boti musaiike. Imafuna kuima cilili posapendekeka, pamene boti siliima cilili ngakhale pang'ono, ndiponso iri ndi lawi la moto usana ndi usiku, pafupi ndi zigubu za petulo.

Palinso timabokosi tochipa tolumikiza ku magetsi a galimoto, topanda kompresa. Ife tomwe tinagwa m'mbuna imeneyi. Tinagula kamodzi m'sitolo ina m'tauni, tinaikamo cambo cinai pa Monkey Bay, ndi kunyamuka mokondwa. Pofika ku nyumba usiku, mai a ana anangotsegula nabvundikiranso, ndipo ndiwo za tsiku limenelo zinali nyemba. Timabokosi timeneti titsitsa kutentha ndi madigiri ngati 20 okha kucokera pa kutentha kwa kunja. Kunja kukakhala 35, m'katimo muli 15, ndipo pa 15 tizirombo tija tiri kudya bwino lomwe.

Mukamagula firiji yakale, werengani kacitsulo ka kumbuyo kamene kachula mtundu wa gasi. Gasi wakale wochedwa R12 analetsedwa ndi pangano la maiko la ku Montreal la 1987, cifukwa aononga mlengalenga, ndipo maiko onga lathu analeka kumuitanitsa pofika 2010. Firiji ya gasi ameneyu ikacuca, yasanduka bokosi wamba. Walira mvula walira matope: wogula makina wagulanso gasi, batire, lamba ndi malipiro a makanika.

PA MSAKA NDI PA CHEMBE

Kucokera ku Monkey Bay pitani ku midzi ya Msaka ndi Chembe, ku Cape Maclear, kumene amishoni a ku Scotland anayamba kumanga m'caka ca 1875. Usiku wopanda mwezi mudzaona nyale zambiri pa nyanja, monga mudzi woyandama. Amenewo ndi asodzi a usipa, okopa nsomba ndi kuwala ndi kuzizinga ndi cirimira. M'mawa gombe lonse liri mbee ndi usipa pa mathandala, akazi ali kufutsa wina m'madramu, utsi wa nsomba zowamba uli tolo.

Funsani pano za firiji, ndipo mudzaona kuti si msodzi ali yense aifuna. Usipa wambiri ugulitsidwa wouma. Boti lituruka madzulo ndi kubwera m'mawa, usiku kuli kozizirirapo. Mdani wa anthu awa ndi mvula, imene imaoletsa usipa pa thandala m'miyezi ya dzinja. Kwa iwo ndarama ipindula koposa ikapita ku tenti ya pulasitiki youmitsiramo nsomba ndi dzuwa, monga zamangidwa pa madoko ena, kapena ku uvuni wowambira wosatha nkhuni zambiri. Ayisi ndi wa nsomba zimene mtengo wace ukwera zikakhala zaziwisi: cambo, kampango, mceni, mpasa. Cotero musanafunse za mtundu wa firiji, dzifunseni kuti mupha nsomba yanji, ndipo adzagula ndani. Ngati wogula wanu afika ndi njinga ndi dengu lopanda ayisi, kuzizira kwanu konse kudzathera pa mcenga.

KU ZILUMBA NDI KUMPOTO

Amene ali ndi nthawi apitirire pa madzi kunka kumpoto. Nyanja yathu njotalika makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kwace njozama mamita 700. Mudzapita pa Nkhotakota, pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, pa Nkhata Bay, mpaka ku Usisya ndi Ruarwe, kumene mapiri atsikira m'madzi mweni mweni ndipo njira yeni yeni ndi ya pamadzi. Kumeneku buloko la ayisi liyenda ulendo wautali lisanafike kwa msodzi.

Ngakhale kumene kuli magetsi a Boma, musaiwale za January 2022, pamene namondwe wochedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a pa Kapichira. Magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku kufikira caka cotsatira, ndipo makina a ayisi opanda magetsi saumba kanthu.

Ku malo otere nzeru imene iyenera kuganiziridwa ndi iyi: makina akhale pa mtunda, ayisi apite pa nyanja. Firiji youmitsa, yoyendera magetsi a dzuwa, ikaima m'nyumba pa doko sigwedezeka, sinyowa, ndipo makanika aifika mosabvuta. Usana iumba ayisi, madzulo boti liri lonse litenga gawo lace m'bokosi. Munthu mmodzi sangathe kugula zonsezi, koma mutu umodzi susenza denga. Kuyambira m'caka ca 1993, pamene makomiti a pa doko anayamba ku nyanja ya Malombe, asodzi aphunzira kukhala pansi pamodzi ndi mafumu ao. Komiti yodziwa kugwirizana za nyengo yotseka usodzi ingathenso kugwirizana za firiji. Koma lembani m'buku kuti asunga makiyi ndani, ndi kuti pa buloko liri lonse mupatula ndarama zingati za kukonzetsa ndi za batire latsopano, pakuti batire limakalamba m'zaka zowerengeka.

POBWERERA KU MUDZI

Mukafika kwanu, mwana wanu kapena mlamu wanu adzakufunsani cimene mwaona. Muuzeni motere. Ngati boti lace ligona pa nyanja usiku umodzi kapena masiku awiri, ndipo ayisi apezeka pafupi, agule bokosi labwino ndi ayisi, basi. Ngati ayisi ali kutali, agwirizane ndi anzace aike makina pa mtunda. Ngati ali ndi boti lalikuru la dizilo lokhala masiku ambiri pa madzi, pamenepo ndi pamene aganize za kompresa ya pa injini, ndipo ayambe wapeza makanika asanapereke ndarama. Firiji ya batire aisiyire cakudya ndi mankhwala. Ya parafini ikhale ku nyumba.

Ndipo asanagule ciri conse, ayese kwa mwezi umodzi ndi bokosi lobwereka. Alembe m'kope ndarama za ayisi tsiku liri lonse, alembenso mtengo umene wagulitsira nsomba, ndi kulinganiza ndi wa mnzace wopanda ayisi. Kopelo lidzamuuza zoona kuposa wogulitsa ali yense. Pamene pali cobvuta, apite kwa mlangizi wa za nsomba wa m'dera lace, pakuti Boma linamuika pa doko cifukwa ca nchito yomweyi.